Ukapatsidwa Nzimbe, Jasinta, Usanene Kuti Wakhuta

Domwe, Lamulungu masana

Mwana wanga Jasinta,

Panyumba padzaza anthu obwera kudzatsanzikana nawe, ndipo ife awiri tathawa. Iwe uli kuseri kwa nyumba, ukutsuka mbale zomwe amayi ako anatsuka kale m'mawa. Ndakuona. Ine ndauza azakhali ako kuti ndikukathirira kudimba, ngakhale aliyense akudziwa kuti mvula yagwa sabata yonseyi. Ndakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, ndang'amba masamba mu kadeleno yako yakale ya masamu, ndipo ndikulemba nditasanjika pabondo. Zilembo zikakhota, ndi bondo limenelo.

Mawa ukwera shapa, kaminibasi ka ku Tete kaja, kuchokera kumeneko basi ya ku Beira. Amayi ako akuuza kale za madzi akumwa, za udzudzu, za kupemphera. Zimenezo uzisunge. Za maphunziro ine sindida nkhawa, mutu uli nawo, unamwinowo ukaumaliza. Chimene chikundithetsa njala masiku ano ndi china. Ndikuopa kuti ukakhala mumzinda wodzaza anthu, koma popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti Jasinta lero wadzuka bwanji. Ndipo mantha amenewa anandiphunzitsa ndi timabuku tako ta zithunzi ta ku Japani tija, tomwe umati manga, dzina lomwe tsiku loyamba ndinamva ngati ukupempha mango.

Ndiyambe ndi kulakwa kumene ndinakulakwira iweyo, chifukwa sindinakupepesepo ndi pakamwa. Unali mu dezima, kalasi ya khumi ija. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinamva munthu akuseka m'chipinda mwako. Ndinaima pakhonde ndi khasu paphewa, ndikudabwa, poti panali patapita miyezi ndisanamve kuseka kwako. Ndinati mwina kwabwera mnzako. Nditasuzumira, unali wekha, utagona chafufumimba, maso ali pa telefone, ukuseka mpaka mapewa kugwedezeka. Azakhali ako anali atanena kale kuti mwana woseka yekha sakhala ali yekha, pali chomwe chikumusekesa. Ine zoterozo sindizikhulupirira kwenikweni, koma mantha anandigwira. Ndinakulanda telefone ija. Ndinaona tianthu ta maso aakulu ngati a kadzidzi, tsitsi losongoka, mawu a Chipwitikizi ali m'timabaluni. Ndinati, "Ndi zachibwana zimenezi zomwe zikukutsekera m'nyumba?" Ndinakaibisa m'thumba la nyemba mwezi wathunthu. Iwe sunalire, sunapemphe. Unangoti, "Chabwino, bambo." Ndinayesa kuti ndapambana.

Mwezi womwewo ndinakumana ndi apulofesora ako a sayansi pamsika wa ku Ulongwe. Anandigwira dzanja nthawi yaitali nati, "Mwana wanu ndi wanzeru, koma kodi mukudziwa kumene amakhala pa intevalo, nthawi yopuma ija?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Kuseri kwa thanki ya madzi. Yekha. Chiyambire sekundariya. Anzake amati ndi wonyada, safuna kuyankhula ndi anthu." Ndinawathokoza, ndinakwera njinga, ndipo ndinapalasa mpaka kupitirira njira yokhotera kwathu osazindikira. Zaka zitatu mwana wanga akudya mbatata yake kuseri kwa thanki, ine ndikumufunsa za mayeso okha. Ndipo anzake okhawo amene anali nawo, ngakhale anali ojambulidwa, ndinali nditawatsekera m'nyemba. Mwana wanga, ndikhululukire. Ukadzaona munthu wangokhala phee, usadzafulumire kunena kuti zonse zili bwino. Chete wathu ife amabisa zambiri.

Ukukumbukira mmene ndinakubwezera? Ndinalephera kunena kuti pepa. Ndinangoipukuta fumbi la nyemba, ndi kukhala pa mpando wa pakhonde, ndi kufunsa kuti, "Nanga tianthu timeneti timati chiyani?" Unandiyang'ana ngati ndikukutchera msampha. Kenaka unakhala pansi pafupi ndi mwendo wanga ndi kuyamba kundimasulira. Ndinkayamba kuwerenga kumanzere, iwe nkumati, "Ayi bambo, izi amayambira uku," nkumandikokera chala kumanja. Inali nkhani ya mnyamata ndi mtsikana a sukulu imodzi. Mtsikanayo akachita mantha nkhope imauma, ndiye onse ankamuopa, ankati ndi wolusa. Mnyamatayo akafuna kuyankhula, thukuta limatuluka madontho aakulu ngati mazira. Onse awiri ankathawira pa masitepe amodzimodzi kukadya, wina pamwamba wina pansi, aliyense akuganiza kuti mnzakeyo amamuda. Mnyamata uja anakonzekera sabata yathunthu kuti anene mawu awiri okha, akuti tidye limodzi. Poopa kuiwala, anawalemba pachikhatho. Atafika pamaso pa mtsikanayo anatambasula dzanja kuti awerenge, koma thukuta linali litafufuta zonse, patatsala inki yakuda bii. Anangoima, dzanja lili tambasu. Mtsikana uja, pochita mantha, anayesa akupempha, namuika chidutswa cha dzira m'dzanjamo. Kenaka onse awiri anathawa, wina uku wina uko, mnyamatayo dzira lili m'manja.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Amayi ako anatuluka ndi chipande m'manja kudzaona chomwe chachitika. Koma unaona kuti kuseka kunatha mwadzidzidzi, ndipo ndinanyamuka kupita kukhola. Unaganiza kuti zanditopetsa. Sizinanditopetse ayi. Ndinakaima pakati pa mbuzi ndikudzifunsa kuti munthu wa ku Japani, amene sanapondepo ku Domwe, wandidziwa bwanji ine. Pakuti mnyamata wa dzira uja ndinali ineyo, ndipo matenda amene uli nawowa sunawatole kusukulu. Unawatenga m'magazi mwanga. Ndiye mvera zimene anandichita ine, kuti iwe asakakuchite chimodzimodzi.

Nthawi ya nkhondo, titathawira ku Malawi, anandilembetsa sukulu pafupi ndi ku Dedza. Ndinali wamkulu kuposa ana onse m'kalasimo, ndi kabudula wa zigamba, ndipo ndikatsegula pakamwa mawu ena ankatuluka a Chipwitikizi, ana nkumaseka. Ndiye ndinasiya kutsegula. Nthawi yopuma ndinkakhala kuseri kwa tchalitchi, pa mwala wina wafulati. Tsiku lina kunabwera mnyamata wa m'mudzi momwemo, dzina lake Fatsani, atanyamula nzimbe. Anakhala pambali panga osapempha malo. Anaithyola pabondo, nandilozetsa chidutswa chachikulucho. "Ukufuna?" Jasinta, m'mimba mwanga munalibe kanthu chiyambire dzulo lake. Malovu anadzaza m'kamwa. Koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Ndakhuta." Sindikudziwa chifukwa chake mpaka lero. Mwina ndinkaopa kuti ndikalandira ndiyenera kuyankhula, ndipo ndikayankhula aseka. Anadya yekha, nanyamuka. Mawa lake anabweranso. "Lero?" Ndinati, "Ndakhuta." Tsiku lachitatu anabwera ndi nzimbe ziwiri, nati, "Iyi ndi yakoyako, sindikugawira ayi." Ine, chitsiru, ndinati, "Ndati ndakhuta." Anandiyang'ana pang'ono, nati, "Chabwino, achimwene," nachoka. Tsiku lachinayi ndinakhala pamwala paja nditakonzeka. Ndinali nditabwereza mumtima njira yonse kuti lero ndinena zikomo. Sanabwere. Ndinamuona patali akudya nzimbe ndi anyamata ena. Tinakhala m'kalasi imodzi zaka zinanso ziwiri osayankhulana, ndipo iye anakula akudziwa kuti mwana wothawa nkhondo uja anali wamwano.

Ndiye ukafika ku lari, kunyumba yogona ophunzira kuja, wina adzakufunsa kanthu kakang'ono. Ukufuna tiyi? Tipite limodzi kumsika? Pano pali munthu? Pakamwa pako padzafuna kunena kuti ayi zikomo, ndakhuta, ndili bwino, ndipita ndekha. Ndikudziwa chifukwa ndakumva ukuwayankha choncho ana a kwa amalume ako kambirimbiri. Luma lilime. Nena kuti inde, ngakhale mawuwo atuluke ngati a mwanapiye. Anthu saleza mtima mpaka kalekale. Fatsani anayesa katatu, ndipo anali mwana wabwino kwambiri. Ambiri amayesa kamodzi. Usanene kuti wakhuta, Jasinta.

Kulakwa kwinaku ndi kumene kukundichititsa mantha kuposa zonse, chifukwa kunatsala pang'ono kundipha. Titabwerera kuno nkhondo itatha, ndinapita ku Tete kukagwira ntchito yotsitsa katundu m'malole. Ndinapeza kachipinda pa mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi. Ndinkatuluka m'mamawa mutu uli pansi, nkubwera madzulo mutu uli pansi. Anthu a pamenepo anali Anyungwe, ankakhala panja chifukwa cha kutentha, akucheza, akuseka. Ndinkafunitsitsa kukhala nawo. Koma ndikayandikira, ndinkayamba kuganiza kuti ndinene chiyani, ndikanena ayankha chiyani, akayankha ine ndidzati chiyani, ndiye pofika pamenepo ndadutsa kale ndipo ndikutsegula loko. Miyezi inayi sindinapereke ngakhale moni wa bondiya kwa munthu. Ndiye malungo anandigwira. Tsiku loyamba ndinati atha. Lachiwiri ndinalephera kufika pa ndowa ya madzi yomwe inali pakhomo pomwepo. Ndinkamva anthu akuyenda panja, akuitana ana, akusinja. Khoma lake linali lopyapyala, ndikanangoitana akanamva. Koma ndikanaitana ndani? Sindinkadziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ndipo, usaseke, ndinkachita manyazi kuvutitsa anthu. Munthu akufa, koma akuchita manyazi.

Tsiku lachitatu chitseko chinathyoledwa. Anali mayi wa chitseko choyandikana nane, amayi Roza, wogulitsa makala, atabwera ndi amuna awiri. Anandinyamula kupita nane kuchipatala. Nditachira anandibweretsera phala, nakhala pakhomo akundiyang'ana ndikumwa. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati, "Malaya anu. Munawayanika pachingwe changa Lolemba, ndipo mpaka Lachinayi anali pomwepo. Ndinabwera kudzakukalipirani, osati kudzakupulumutsani." Kenaka anati, "Ife timati ndinu onyada, anthu a kumapiri. Tikanadziwa kuti ndi mantha chabe, bwenzi titakukokerani panja kalekale." Taona, mwana wanga. Moyo wanga unapulumuka chifukwa cha malaya oyanikidwa pa chingwe cha mwini. Ndikanayanika m'chipinda, bwenzi iwe kulibe.

Ku Beira kuli malungo oposa a ku Tete, kuli madzi osefukira, kuli mphepo zija timamva pa wailesi. Ukadwala, ine ndili kuno, ulendo wa masiku awiri. Telefone imatha moto, ndipo ngakhale ikhale ndi moto, ndikukudziwa, udzandiuza kuti uli bwino. Ndiye ndikukupempha chinthu chimodzi, uchichite sabata yoyamba yomweyo. Dziwa maina a anthu atatu ogona pafupi nawe, ndipo iwo adziwe lako. Sindikuti akhale abwenzi ako a pamtima. Zimenezo zimabwera zokha, kapena sizibwera. Ndikungoti pakhale munthu amene, chitseko chako chikapanda kutseguka m'mawa, adzagogoda. Uwapatse moni tsiku lililonse, ngakhale asayankhe bwino, ngakhale mawu akukanire ungokweza dzanja. Kali kokha nkanyama, anatero akale, ndipo ine ndinagona m'chipinda chija ngati kanyama ndithu. Wina adziwe chitseko chako, Jasinta. Ukaiwala zonse za m'kalata muno, ichi chokha usaiwale.

Tsopano ndikuuze kulakwa kwa mbali inayo, chifukwa munthu wanjala ya anzake amathanso kudya zoola. Nditabwerako ku Tete ndinayamba kugulitsa mbewu pamsika wa pano pa Domwe. Panali bambo wina wachibwibwi, a Juwau, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa bulugamu. Iwo ankachedwa kutulutsa mawu, ine ndinkasowa mawu otulutsa, ndiye tinkagwirizana. Madzulo ankandidikira kuti tiyendere limodzi, nthawi zina njira yonse osanena kanthu, ndipo unali ubwenzi wokoma kuposa wina uliwonse umene ndinakhala nawo. Koma pamsikapo panali gulu la amuna ochenjera pakamwa, ogula mbewu nkukagulitsa kutsidya kwa malire. Ndinkawasirira. Ankaseka mokweza, ankamenyana pamapewa. Tsiku lina mvula inatitsekereza pakhonde la sitolo limodzi, ndipo mmodzi wa iwo anati, "Inu a Chete, mnzanu uja mumacheza naye bwanji? Nkhani imodzi imatha sabata?" Onse anandiyang'ana, akudikira. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga, yankho linabwera msanga. Ndinatsanzira chibwibwi cha a Juwau. Ndinachita bwino kwambiri, mpaka kutsinzina maso monga ankachitira iwo. Khonde lonse linagwa ndi phwete. Wina anandimenya paphewa. Ndinamva kukoma, sindikubisira. Nditatembenuka, a Juwau anali ataima pangodya, mvula ikuwanyowetsa, atanyamula pampu yanga yomwe ndinaiwala kwa iwo. Anaiika pansi bwinobwino. Anayesa kunena kanthu, milomo inanjenjemera, koma mawu sanatuluke. Anapukusa mutu nachoka.

Amuna aja anandiitana kumowa kawiri, ndipo kawiri konse ankangofuna kuti ndichitenso chibwibwi chija. Nditakana, anandiiwala. A Juwau sanandidikirenso. Ndinkadutsa pa bulugamu paja tsiku ndi tsiku ndi pepani ali m'kamwa, nkumati mawa, mawa. Chaka chisanathe anasamukira ku Lifidzi kwa akazi awo, ndipo anamwalira komweko ine ndikadali kunena kuti mawa. Kumaliro ndinapita. Ndinakumba nawo manda. Koma manda samva pepani.

Ukapeza gulu lomwe khomo lake lolowera ndi kunyoza munthu wina, bwerera. Udzakhala wosungulumwa sabata ina, koma udzagona ndi mtima woyera. Ndipo ukalakwira mnzako, pita tsiku lomwelo, ngakhale thukuta lituluke ngati la mnyamata wa m'buku lako. Palinso china chimene ndikuchita nacho manyazi kunena, poti ndine bambo ako, koma ndinena. Kumizinda kuli amuna odziwa kuona mtsikana amene alibe womufunsa kuti wachokera kuti. Amamuona patali monga kabawi amaonera mwanapiye wotsalira. Adzakhala oyamba kukuyankhula mokoma, ndipo chifukwa wakhala nthawi yaitali osamva mawu okoma, udzayesa kuti wapeza. Yeso lake ndi ili: bwenzi lenileni limakondwa ukapeza anzako ena. Amene akufuna kuti ukhale ndi iye yekha, amene akuti enawo sakukumvetsa, mthawe. Ndiye ukuona chifukwa chake ndikukakamira za maina atatu aja. Mtsikana amene ali ndi anzake ogogoda pachitseko savuta kumuteteza.

Mwina ukufunsa kuti nanga munthu wotere anakwatira bwanji. Si nzeru zanga ayi. Amayi ako ankagulitsa tomato pafupi ndi pomwe ndinkakhala ine. Miyezi itatu ndinkagula tomato tsiku lililonse, nkumapereka ndalama osayang'ana nkhope. Kunyumba tomato ankaolera m'dengu. Tsiku lina anabweza dzanja langa nati, "Lero sindikugulitsani. Munthu mmodzi sangadye tomato wonseyu. Nenani chimene mumadzera pano." Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana kumwamba, ndipo ndinati, "Anyezi muli naye?" Anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anati, "Amalume anga amakhala kuseri kwa chigayo. Loweruka amakhala alipo." Ndi mmene zinathera. Ukamva amayi ako akunena kuti anadzifunsira okha ukwati, sakunama. Koma usadalire mwayi woterowo, mwana wanga. Anthu ngati amayi ako ndi ochepa, ndipo akanangondigulitsa tomato tsiku limenelo, bwenzi ndili ndekha mpaka lero.

Za timabuku tako, pitiriza kuwerenga. Sindidzakuletsanso. Pa miyezi yonse ija unkandimasulira Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, ndinaona chinthu chimene mwina iwe sunachione chifukwa unkaseka. Ana aja amalephera tsamba lililonse. Amanena mawu olakwika, amagwa, amathawa, amakabisala m'chimbudzi. Koma ukatsegula mutu wotsatira, abweranso pa masitepe paja. Ine ndinalephera katatu pamwala paja, ndipo Fatsani atapanda kubwera ndinati basi zatha. Ndikanatha kunyamuka ndi kumutsatira. Mwendo ndinali nawo. Zinanditengera zaka makumi atatu ndi munthu wojambula wa ku Japani kuti ndidziwe zimenezo. Ndiye ukachita manyazi pamaso pa anthu, ukanena zopusa ngati za anyezi zija, usasamuke njira. Mawa lake dutsanso pomwepo. Anthu amaiwala msanga kupusa kwathu kuposa mmene ife timaganizira, poti aliyense ali kalikiliki kukumbukira kwake.

Koma ukumbukirenso kuti m'bukumo muli mwini wake amene akuwakonzera zonse. Ndi iyeyo amene anawaika pa masitepe amodzi, ndipo sangalole kuti nkhani ithe asanagwirizane. Ku Beira kulibe wojambula amene adzakukankhire munthu pafupi. Ukadzitsekera m'chipinda ndi telefone, ana ojambulidwa aja adzakusekesa ndithu, koma ukadwala sangakutengere madzi. Ndiye uziwerengera panja. Khala pabenchi, pakhonde, pamene anthu amadutsa, ndipo ukafuna kuseka seka mokweza. Sindikhulupirira kuti mumzinda wonse uja ndiwe wekha amene umawerenga zimenezi. Wina adzasuzumira nkufunsa kuti ukuwerenga chiyani. Pamenepo usabise telefone m'thumba monga umachitira ndi ana a kwa amalume ako. Muonetse. Umufotokozere monga unandifotokozera ine. Unandimasulira bwino, Jasinta, unkasintha ndi liwu lomwe, la mtsikana lina, la mnyamata lina, ndipo sunachite chibwibwi ngakhale kamodzi. Munthu amene anatha kuseketsa bambo wouma ngati ine sangalephere kuseketsa mnzake wa msinkhu wake.

Ukaimba telefone kuno, usamandiuze kuti zonse zili bwino. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndi mbale wake wa ndakhuta. Ndidzakufunsa funso limodzi lokha Lamulungu lililonse: sabata ino wadya ndi ndani? Ukadya wekha, unene kuti ndadya ndekha, sindidzakalipa. Tidzangoganiza limodzi chochita sabata yotsatira. Koma usandinamize pofuna kunditonthoza. Ndinanamizidwa zaka zitatu ndi chete wako, ndipo mtima wanga sungapirirenso kumva zoona kuchokera kwa anthu a pamsika.

Ndikumva amayi ako akundiitana, ndiye aona kuti kudimba kulibe chothirira. Nditsirize ndi nkhani ya katundu wako. Mawa ukaona thumba la kachewere lomwe ndamanga, udzadandaula kuti ndi lalikulu. Amayi ako akangana nane kale, akuti munthu mmodzi sangamalize, ndipo ku Beira nkotentha, aola sabata ziwiri zisanathe. Akunena zoona. Ndasankha dala wokhwima bwino, wosachedwa kumera, ndipo ndadzaza mpaka pakamwa. Wekha sungathe ngakhale kulikweza masitepe, uyenera kupempha wina kuti agwire mbali inayo. Ukalifikitsa m'chipinda, uli ndi masiku ochepa oti usankhe: kumuona akuola pansi pa bedi, kachewere amene bambo ako analima ndi msana wowawa uja, kapena kutenga mbale, kudzazamo, ndi kukagogoda pa chitseko choyandikana nacho. Ndikukudziwa, mwana wanga. Manyazi uli nawo ambiri, koma kutaya chakudya sungathe. Sufunika kukonzekera mawu ambiri. Ungoti, "Uyu ndi wa kwathu ku Angoniya, bambo anga anditumizira wambiri." Akakufunsa dzina, unene. Akakuuza kuti lowa, ulowe.

Mulungu akutsogolere panjira, Nangozo, ndipo akupatse anthu.

Ndine bambo ako,
amene ukawaona mawa pokwerera shapa akungoyang'ana matayala, udziwe kuti zonse anena kale muno.